Nkhungu ya Alamu M'chigafa

Mano akutsogolo ndilibe. Ng'ombe ya ngolo inandigunda ndi mutu ndili mnyamata, n'kuwasiya pansi. Sindidandaula. Chimanga chootcha ndimadyera m'mbali. Koma pa ntchito ya fodya pali chinthu chimodzi chimene munthu wopanda mano sangachite, ndipo n'chimene chinandiitanitsa alamu anga chaka chimene akazi anga anadwala.

Timalima fodya wa bale kufupi ndi Mitundu. Fodya ameneyu akauma m'chigafa amafuna chinyezi pomusankha. M'mamawa, mame asanakamuke, tsamba limakhala lofewa ngati nsalu yakale. Dzuwa likakwera, mphepo ya Juni n'kuyamba, limauma kuti gwa. Ukaligwira limanyenyeka, ndipo zonyenyeka palibe amagula. Ndiye timatchinga chigafa mbali zonse ndi ziguduli ndi mapepala apulasitiki kuti mphepo isalowe. Kenako munthu mmodzi amamwa madzi osameza, n'kuwapemerera pamwamba pa mulu. Wodziwa amatulutsa nkhungu yokhayokha, tsamba n'kufewa osanyowa. Wosadziwa amamwaza madontho, fodya n'kukaolera m'belo. Alangizi amatiletsa zimenezi. Timavomera kuti tamva, n'kubwerera kwathu kukapemerera.

Ine ndikayesa, madzi amangotsikira pachibwano. Akazi anga sangathe. Ali ndi mphumu kuyambira utsikana, mpweya wawo ndi wongowakwanira okha. Amene ankapemerera ndi mwana wathu wamwamuna, koma anapita ku Joni. Ndiye ndinaimba foni ku Nathenje.

Alamu anga ndi mlongo wawo wamkulu wa akazi anga. Akaziwo ndinawatenga chitengwa kubwera nawo kuno, koma mwini mbumba ndi alamu. Mwana wathu akafuna banja, ndi iwo. Pa maliro, ndi iwo. Matenda akakula, ndi iwo. Ine ndimalima, iwo amalamula. Ndi mmene tinazipezera, ndipo zaka zonsezi ndinali ndisanawatsutsepo pa za mbumba yawo. Pa zina zonse timanyozana kuyambira m'mawa mpaka madzulo.

Anafika pa njinga, tawulo m'khosi, maso ali psuu. Asanatsike anayetsemula mpaka nkhuku zinabalalika.

"Alamu, mwatitengera chiyani m'mphunomo?"

"Fumbi la msewu wanu. Kuno boma linakuiwalani."

"Fumbi limatuluka madzi choncho?"

"Mwayamba udokotala? Yambani mwadziika mano kaye."

Akazi anga anaseka, n'kuwalandira njinga. "Achimwene, musawamvere awa. Lowani mumwe tiyi."

Pomwa tiyi alamu anatiuza kuti anali ku Lilongwe kukaona mdzukulu wawo. Pobwerera, minibasi yonse inali kutsokomola, mawindo otseka chifukwa cha kuzizira. Anazinena ngati nkhani yoseketsa. Ifenso tinaseka.

Tinalowa m'chigafa atatu. Ndinatseka khomo ndi chiguduli. Ine ndinkamanga timitolo pakona. Akazi anga anakhala pamphasa, miyendo yotambasula, masamba pamiyendo, chifukwa diso lawo ndilo limadziwa mtundu wa tsamba. Alamu anagwada moyang'anizana nawo, mulu uli pakati. Madzi anali m'ndowa, kapu imodzi ikuyandama.

Ndinene zoona, alamu amatha. Amadzaza masaya, n'kukweza mutu, milomo n'kuifinya. Pfuuu! Pa pulasitiki panali kabowo kolowetsa dzuwa, ndipo m'kuwala kwakeko nkhungu ija inkaoneka itangoima m'malere, osatsika. Akazi anga ankagwira ntchito mutu uli momwemo. Kukhosi kukawauma, ankatunga ndi kapu yomweyo n'kumwa.

"Mwaona, alamu? Iyi ndi ntchito ya anthu a mano."

"Pemererani. Sindinakuitanireni kudzalalikira."

M'chigafa aliyense amatsokomola. Fumbi la fodya limakanda kummero ndi m'mphuno. Ukamva mnzako akutsokomola sukweza n'komwe mutu. Ukamuona akumina umati ndi fodya. Nyengo yosankha, chifuwa sitichiwerengera ngati matenda. Timati chidzatha tikadinda belo lomaliza. Ndiye alamu ankayetsemula, kupukuta ndi tawulo, kumwa madzi, kupemerera. Palibe anaganizapo kanthu.

Sabata isanathe, chinandigwira ine. Mutu, mamina, msana kuphwanya. Ndinamwa panado n'kupitiriza. Alamu anali atayamba kupeza bwino, akudya ngati alimi awiri. Akazi anga anayamba ndi kummero. Kenako thupi linatentha. Kenako pachifuwa panayamba kulira kamluzu kaja ka mphumu, kamene ndimakadziwa bwino. Anapopera kamankhwala kawo ka m'kamwa. Kamluzu kanachepa pang'ono, n'kubweranso.

"Mayi, kagoneni."

"Ndikagone, fodya asankhe ndani? Inu simusiyanitsa tsamba lofiira ndi thako la nyani."

Anasankhabe. Ndinawasiya, chifukwa mphumu yawo nthawi zonse inkabwera n'kupita yokha.

M'mawa wina ndinawapeza atakhala pakhonde, manja atatsamiza pamawondo, mapewa akukwera ndi kutsika. Moto anali asanakoleze. Ndinawafunsa ngati apopera. Anatsegula pakamwa kuti ayankhe, mawu n'kuduka pakati. Milomo yawo inali itada ngati adya nthudza. Pakhosi, pamwamba pa chifuwa, pankalowa dzenje akamakoka mpweya.

Ndinathamangira kumsewu n'kuimitsa kabaza wa njinga yamoto. Tinawaika pakati, ine kumbuyo nditawagwira. Alamu anati atitsatira pa njinga yawo. Njira yonse ndinkamva nthiti zawo zikugwira ntchito m'manja mwanga, ngati mvukuto wa wosula makasu.

Pa chipatala cha Mitundu sanatiimike pamzere. Namwino atangowaona anabweretsa mpando wamatayala. Anawapanitsa kachipangizo pachala, n'kuyang'ana, n'kuitana adokotala. Adokotalawo anali mwamuna wochepa thupi, msinkhu wa mwana wanga wa ku Joni uja. Anamvetsera kumsana, mbali iyi ndi iyi.

"Bambo, amayiwa mpweya wawachepera m'magazi. Tiwapatsa mankhwala otsegula chifuwa, koma tiwaikenso pa okosijeni pompano."

Ndisanayankhe, alamu analowa, thukuta lili chuchuchu, buluku atalipinda mwendo umodzi.

"Chiyani? Mpweya uja? Ayi."

"Awa ndi ndani?" anafunsa adokotala.

"Ndine mwini wake wa munthuyu. Machubu ayi. Kwathu ku Nathenje, amene anawaika machubu nthawi ya korona anabwerako m'bokosi. Mubayeni jakisoni, tizipita."

"Bambo, anthu aja sanafe ndi okosijeni. Ambiri ankafika kuno mochedwa, mapapo atatha kale. Amayiwa sanafike pamenepo. Koma tikazengereza afika."

"Mumatero nthawi zonse. Mlongo wanga uyu. Ndakana."

Namwino anaima ndi timachubu m'manja, akundiyang'ana ine. Ndinadziwa chimene chinali patsogolo panga. Ndikavomera, akazi anga n'kumwalira ali pa machubu, ku Nathenje konse adzati ndinawapha ndine, mwini mbumba atakana. Ana anga omwe adzamva zimenezo kwa azakhali ndi amalume awo mpaka kukalamba. Komanso nkhani za okosijenizo nanenso ndinkazimva pamsika, ndipo sindinganame kuti sindinkaziopa.

Adokotala sanalimbane ndi alamu. Anagwada pafupi ndi mpando uja.

"Amayi, thupi ndi lanu. Mukuti bwanji?"

Akazi anga anayang'ana mlongo wawo. Anayang'ana ine. Mawu anatuluka amodziamodzi.

"Ndi... kufuna... kupuma."

"Mwamva," ndinatero. "Ikeni."

Alamu anandiyandikira mpaka ndinamva fungo la thukuta lawo.

"Alamu, mukundidumpha ine?"

"Eya."

"Akafa, mtembo munyamula nokha. Kwathu musabwere nawo."

"Ndamva."

Anatuluka. Namwino anakoleka timachubu m'mphuno mwa akazi anga, n'kutizunguliza kumakutu. Makina anayamba kung'ung'udza, madzi akubwata m'kabotolo. Ndinaima pamenepo ndikudikira kuti ndione ngati afe. Sindikudziwa kuti ndinaima nthawi yaitali bwanji. Mapewa aja anayamba kutsika pang'onopang'ono. Milomo inayamba kubwerera mtundu wake. Anatseka maso, ine n'kuyesa kuti atisiya, koma namwino anati, "Akugona, bambo. Atopa. Tulukani, muno ndi mwa amayi."

Mwana wathu wamkazi anabwera kuchokera ku Likuni kudzakhala gadiyani. Ife amuna malo athu anali panja, pansi pa mtengo, kudikira nthawi yoona odwala. Alamu anali pomwepo. Sanabwerere ku Nathenje. Anakhala mbali ina ya mtengo, ine mbali ina. Ndikagula chinangwa chophika ndinkaika pakati. Ankadya osandiyang'ana.

Masiku oyamba sanali abwino. Akazi anga thupi linkatentha, kuzizira, kutenthanso. Anawaonjezera jakisoni, akuti pamwamba pa chimfine pabwera chibayo. Ndikalowa, ndinkangoyang'ana dzenje lija la pakhosi. Tsiku lina ndinapeza palibe. Anali atakhala tsonga, akumwa phala, machubu ali m'mphuno.

Tsiku lomwelo adokotala anatipeza pamtengo. Anafunsa ngati kunyumba kuli wina amene akudwala.

"Tonse tinadwala," ndinatero. "Anayamba ndi awa."

"Langa linali fumbi," anatero alamu. Anali mawu awo oyamba pamaso panga chichokereni m'chipinda chija.

Adokotala anafunsa kumene tinkakhala, ndipo ndinafotokoza za chigafa, ziguduli, ndowa ndi kapu. Nditafika pa kupemerera anakwinya nkhope. Iwo anakulira m'tauni, fodya amangomuona pa lole.

"Kupemerera kwake kotani?"

Alamu sakanatha kupirira. Anatenga botolo langa la madzi, kudzaza masaya, n'kukweza mutu. Pfuuu! Nkhungu inaima padzuwa, yosalala, yokongola. Adokotala analumphira kumbuyo mpaka anaponda mbale ya mayi wina.

"Basi, basi, bambo! Ndaona!"

"Palibe wina amatha chonchi kuchokera ku Nathenje mpaka ku Malingunde."

"Ndikukhulupirira. Ndipo munkachita zimenezi muli ndi chimfine, m'nyumba yotseka, amayi ali patsogolo panu?"

Alamu anapukuta pakamwa.

Adokotala anakhala pa muzu wa mtengo. Anati chimfine ndi tizilombo, tating'ono kuposa fumbi, ndipo patokha sitingaswane.

"Tikalowa m'mphuno timamatirira pa khungu lonyowa la mkati. Khungu limenelo lili ngati tizipinda tambirimbiri togundana. Kachilombo kakalowa m'kachipinda kamodzi, kamakasandutsa malo opangira anzake, mpaka kachipindako kufa. Anzakewo amatuluka n'kulowa m'tizipinda toyandikana. Ena amakhala m'mamina ndi m'malovu, kudikira kuti muyetsemule. Timadontho tikuluikulu timagwa pansi. Tating'ono timayandama, ndipo ngati mphepo sikulowa timakhala momwemo mpaka wina atikoke."

Ndinamva. Ndi mmene matenda amayendera pa nazale. Mbande imodzi, kenako yoyandikana nayo, kenako bedi lonse.

"Nanga bwanji ife tili panja pano, iwo ali mkatimo?" ndinafunsa.

"Njira ya mpweya, kuchokera m'mphuno mpaka m'mapapo, ili ndi tiubweya tosaoneka ndi maso. Ntchito yake ndi kusesa makhololo ndi fumbi, kukwera nazo kummero. Tizilombo tikadutsa, tiubweyato timathothoka. Wosesa palibe, makhololo amangodikha. Kwa inu awiri zinathera kumtunda, thupi linalimbana nazo. Amayi njira zawo n'zopapatiza kale ndi mphumu, ndipo fumbi la fodya linali litazitupitsa. Ndiye zinatsika mpaka pansi."

"Tiubweyato timamera?"

"Timamera. Koma pamapita masabata. Azitsokomolabe, musadabwe. M'chigafa asalowemo chaka chino."

Timamera. Ndinalibwereza liwulo mumtima.

Alamu anali akukumba pansi ndi kamtengo.

"Ndiye mukuti ndine?"

"Sindikuti ndinu mfiti, bambo. Inunso wina anakupatsani."

"Kupemerera ndinaphunzira kwa amalume anga. Palibe anafa nako."

"Mwina analipo. Munkati ndi fumbi."

Adokotala ananyamuka, kusasa buluku, n'kupita. Mayi wa mbale uja ankatiyang'anabe moipa.

Nthawi yoona odwala itakwana, alamu analowa nane, koyamba. Anaima kumiyendo kwa bedi, chipewa m'manja, akuyang'ana makina aja ngati galu wa eni ake. Kenako anayang'ana mlongo wawo.

"Iwe, akuboola mphuno? Mawa tikumanga pa goli."

"Achimwene, tulukani ngati mwabwera kudzandiseketsa. Chifuwa chikundipweteka."

"Ukupuma?"

"Simukuona?"

"Ndikuona."

Potuluka anandigwira mkono pakhonde la wodi.

"Alamu, za mtembo zija."

"Ndaiwala."

"Musaiwale. Ndinanena zopusa. Koma mukadzandidumphanso ndidzakuchotsani mano otsalawo."

Madzulo ake anakwera njinga kupita kunyumba kwanga. Nditapitako kukatenga ufa ndi nkhuni za gadiyani, ndinapeza achotsa ziguduli ndi mapulasitiki onse. Chigafa chinali pululu, mphepo ikudutsa. Ankalawira m'mamawa kusankha ndi mame, dzuwa likakwera n'kufunditsa mulu, kudikira mawa. Ntchito inkayenda ngati nkhono, ndipo mitundu ya masamba anaisakaniza moti mlongo wawo akanaona akanakomoka. Pambuyo pake tinaboola chitsekerero cha botolo ndi singano, n'kumafinyira madzi pa fodya. Nkhungu yake ndi yonyansa poyerekeza ndi ya alamu, ndipo iwo amandikumbutsa zimenezi chaka chilichonse.

Machubu anawachotsa pang'onopang'ono. Poyamba kwa kanthawi, namwino akuyang'ana kachipangizo ka pachala. Kenako m'mawa wonse. Tsiku lina ndinalowa n'kupeza makina aja ali pa bedi lina, akung'ung'udzira gogo wina. Akazi anga anali atamanga kale katundu m'chitenje.

Anali ataonda. Pochoka pa wodi kufika pageti anaima kuti apume, ine n'kunamizira kumanga chingwe cha nsapato. Mwana wathu anakwera minibasi kubwerera ku banja lake. Ife tinakwera kabaza. Ndinamuuza woyendetsa kuti akathamanga ndimugwetsa.

Titafika, alamu anali atapita kudambo kukamwetsa ng'ombe. Akazi anga anatsika, n'kuima pabwalo. Anayang'ana kukhitchini. Anayang'ana kukhola la nkhuku. Analowa m'nyumba, n'kutulukanso ndi poto m'manja.

"Abambo, ichi n'chiyani? Amuna awiri akuluakulu, a ndevu zawo, kulephera kutsuka poto mmodzi mpaka wamera ubweya? Ndipo nkhuku yanga yoyera ija inali pa mazira, mazirawo ali kuti? Musandiuze kuti ndi galu, galu sakazinga, mafuta anga atha m'botolomu. Mtedza uli panja chiyanikireni, mbuzi zadya mbali yonse iyi, tsache lili pomwe ndinalisiya, ndipo bulangete ili mwafunditsa ndani, achimwene kapena nkhumba? Ndikanakhalako sabata ina ndikanapeza mwagulitsa ndi malata omwe!"

Anatsokomola, kulavula, n'kupitiriza. Aneba anatuluka m'nyumba zawo kudzaona. Mayi wina wa kuseri anayamba kululutira.

Ndinakhala pakhonde n'kuvula nsapato. Ndinawasiya anene mpaka amalize, ndipo anatenga nthawi. Atamaliza ndinawalanda poto uja, kutenga ndowa, n'kupita kumjigo.